Makatuni akalekale aja: kopi yosunga ndi iti, nanga ankajambula ndani kwenikweni?

Yobu_wa_pa_Linthipe

Moni nonse muno. Alipo amene amatsata za makatuni akalekale? Sindikunena awa opanga pa kompyuta ayi, ndikunena aja a m'ma 1920 ndi 1930, ambiri akuda ndi oyera, ena olo mawu alibe. Ine ndimawatolera pa hard disk, ena ndimachita download usiku bandulo ikatchipa, ena ndinakopa pa ma DVD aja amagulitsa pa msika pa Dedza boma olemba kuti makatuni 100 mu disiki imodzi. Nde pano malo akutha ndikufuna kudilita ena koma mutu waima. Katuni imodzi yomweyo ya Betty Boop ndili nayo pawiri, ina yakuda ndi yoyera ina yamitundu, ya Porky Pig chimodzimodzi, ndipo yamitunduyo ngakhale imaoneka yatsopano koma kayendedwe kake ndi kodukaduka, mkono uli apa mwadzidzidzi wapezeka uko. Yoyenera kusunga ndi iti?

Funso lina, mafoda anga ndikufuna ndiwasanje potengera munthu amene anajambula osati dzina la katuni. Koma koyambirira kwa filimu kumangobwera dzina limodzi lalikulu, Pat Sullivan pa Felix, Walt Disney pa Mickey, Fred Quimby pa Tom and Jerry. Anthu amenewa ankagwiradi pensulo kapena anali mabwana chabe?

Mphunzitsi_wopuma_Bembeke

A Yobu, zamitunduzo dilitani osayang'ana mmbuyo. Makatuni amenewo anabadwa akuda ndi oyera. Chinachitika n'chakuti chakumapeto kwa ma 1960 ma TV a ku America anali atayamba kuonetsa mitundu, nde nyumba za TV sizinkafunanso kugula zakuda ndi zoyera. Eni mafilimu anatumiza makatuni akale ku South Korea kuti anthu akawajambulenso pamanja, kutsata mzere pamwamba pa chithunzi chakale kenako n'kupaka utoto. Inali ntchito yothamangitsana, ndalama zake zochepa, nde ankadumpha zithunzi zina, zolemba za pa zikwangwani kulakwitsa sipelo, pena mwendo wa munthu kusowa kumene kenako n'kubweranso. Kudukaduka mukunenako ndi kumeneko. Alipo ena anawapaka mitundu ndi kompyuta m'ma 1990, amenewo kayendedwe kake sikanaonongeke, komabe ine sindiwasunga chifukwa wojambula uja ankasankha mdima ndi kuwala akudziwa kuti mitundu palibe.

Mukafuna kutsimikiza nokha tsegulani filimu mu pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC, muimitse, muzidina E pa laputopu, izisuntha chithunzi chimodzichimodzi. Filimu yamawu imadutsa zithunzi 24 pa sekondi, ojambula ambiri chithunzi chimodzi ankachitola kawiri ndiye kuti zojambula 12 pa sekondi, pothamanga kwambiri ankajambula zonse 24. Werengerani nokha, katuni ya mphindi 7 ndi masekondi 420, kuchulukitsa ndi 12 zikukwana 5,040, ndiye kumeneko n'kuchepetsa. Mukaika makopi anu awiriwo pambalimbali muona kuti pamene orijino ili ndi zojambula zinayi za mkono ukukwera, inayo ili ndi ziwiri.

Pa nkhani ya maina mwagwira penipeni. Felix anayamba 1919 mu filimu yotchedwa Feline Follies, situdiyo inali ya Pat Sullivan, munthu wochokera ku Australia, koma amene ankakhala pa tebulo tsiku ndi tsiku kuganiza nthabwala ndi kujambula anali Otto Messmer. Kayendedwe kaja ka Felix, manja kumbuyo mutu pansi kumazungulira akuganiza, mchira kuuchotsa n'kuusandutsa chizindikiro cha funso, zonsezo ndi za Messmer. Dzina lake silinkalembedwa. Sullivan anamwalira 1933, koma Messmer anthu anadzayamba kumutama atakalamba kale, wofufuza mbiri ya makatuni John Canemaker anamupangira filimu yofotokoza mbiri yake m'ma 1970, iye n'kumwalira 1983. Foda ya Felix lembani Messmer.

Fred Quimby uja sankajambula olo mchira wa mbewa. Anali bwana wa dipatimenti ya makatuni ku kampani ya mafilimu ya MGM. Tom and Jerry anayambitsa ndi William Hanna ndi Joseph Barbera mu 1940, ndipo makatuni amenewa anapata ma Oscar 7, wokalandira anali Quimby. Ubwino wake ku MGM ankalembako maina a ojambula m'munsi, muimitse filimu muwerenge, mupeza Kenneth Muse, Irven Spence, Ray Patterson, Ed Barge. Mukazolowera mumayamba kuzindikira kuti chigawo ichi cha Tom akukuwa wajambula ndi uje.

Za Disney tisamunamizire, mkuluyu anayamba ngati wojambula ndithu kwawo ku Kansas City, kungoti anasiya msanga ataona kuti mnzake Ub Iwerks akumuposa kutali. Mickey woyamba uja wa 1928, Plane Crazy, Iwerks anamujambula pafupifupi yekha, amati ankafika zojambula 700 pa tsiku. Steamboat Willie inatuluka pa 18 November 1928 ku New York, nayonso dzanja ndi lake, The Skeleton Dance ya 1929 chimodzimodzi. Koma apapa dzina la Iwerks linkalembedwa pa khadi loyamba, nde ngati kopi yanu ilibe dzinalo dziwani kuti khadilo ndi lina anachita kuikapo pambuyo pake. Anakangana 1930, Iwerks anakatsegula situdiyo yake n'kupanga Flip the Frog, bizinesi sinayende, 1940 anabwerera kwa Disney. Kwa a Fleischer, amene anapanga Betty Boop, filimu iliyonse imalembedwa kuti dairekita ndi Dave Fleischer, koma amene ankayendetsa ntchito yojambula ndi uja dzina lake lili loyamba pa mndandanda wa ojambula. Betty mwiniwake anamujambula koyamba ndi Grim Natwick mu 1930, ndipo anali kagalu ka makutu aatali, makutuwo ndi amene anadzasanduka ndolo.

Mjomba_T

Kkkkk koma abale, anzanu akuthamangitsa kachewere pa Lizulu inu muli busy kufufuza amene anajambula mchira wa mphaka zaka 100 zapitazo. Bandulo yake yomweyi tikudandaula tonseyi?

Yobu_wa_pa_Linthipe

Aise katuni imodzi ya mphindi 6 siimaliza olo theka la MB zimene iwe umatha pa TikTok usanadzuke pa bedi. Aphunzitsi zikomo kwambiri, ya E ija ndayesa, Porky wamitundu uja akudumphadi.

NaNgozo_Ntcheu

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kujambula pa makoma a masitolo ndi masukulu a mkaka kuno ku Ntcheu, nde nkhaniyi yandikoka. Achimwene a Yobu, bambo aphunzitsi akuuzani za nthawi ya ma situdiyo, koma ine ndikuti foda yanu yoyamba ikhale ya anthu a mmbuyo mwake, nthawi imene filimu yonse inali munthu mmodzi ndi mulu wa mapepala, chifukwa kumeneko ndi kumene dzanja la munthu limaoneka osabisika.

Yambani ndi Fantasmagorie ya Émile Cohl, 1908 ku Paris. Siikwana mphindi ziwiri, zojambula pafupifupi 700. Mukaiona mungati ndi choko pa bolodi koma ayi, anajambula mizere yakuda pa pepala loyera kenako filimu anaitsuka motembenuza kuti choyera chide chakuda chiyere. Nkhani mulibemo, kamunthu kamizeremizere kalowa mu botolo, botolo lasanduka duwa, kenako njovu, kenako nyumba, basi mzere ukungopita kumene wafuna. Mkuluyu anamwalira 1938 ali mphawi, anthu atamuiwala.

Koma wanga weniweni ndi Winsor McCay. Gertie the Dinosaur ya 1914, zojambula pafupifupi 10,000 pa timapepala topyapyala. Nthawi imeneyo njira ya cel, timapulasitiki toonekera tija timene umajambulapo munthu yekha n'kukasanjika pamwamba pa chithunzi cha malo, inali isanafale, Earl Hurd anailembetsa chaka chomwecho. Nde McCay ankajambula chinyamacho, mnyamata wina womuthandiza dzina lake John Fitzsimmons ankabwereza phiri, mtengo, miyala ndi nyanja pa pepala lililonse, kubwereza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Mukayang'anitsitsa kumbuyo kwa Gertie muona mizere ya miyala ikunjenjemera pang'ono. Anthu ena amaona ngati ndi vuto la kopi, si vuto, ndi dzanja la mnyamata uja. Ndiye taonani mmene chinyamacho chikupumira chikagona, mimba kukwera kutsika, mmene chimasunthira kulemera kwake kuchoka mwendo uwu kupita winawo, nthaka n'kumaoneka kuti yamva. Ine kujambula ng'ombe yongoima pa khoma la butchala kuti ioneke yolemera zimandivuta, iye anachita zimenezo chinthu chikuyenda, popanda womuphunzitsa chifukwa panalibe amene anachitapo.

China choti mudziwe, Gertie sanamupangire kuti muzimuonera nokha chete. McCay ankaima pa siteji pambali pa sikirini atagwira chikwapu, kumamulamula kuti kweza mwendo, Gertie n'kukweza, kumukalipira Gertie n'kulira, pomaliza iye ankazemba kuseri n'kuonekera mkati mwa filimu atakwera pa chinyamacho. Zili ngati anyamata athu aja omasulira mafilimu m'Chichewa a m'mavidiyo sho, chithunzi ndi cha wina koma chimene chikuseketsa anthu ndi pakamwa pa munthu wamoyo. Kopi imene ili ponseponse ndi ina imene anaikamo zolemba m'malo mwa mawu ake. Mukamaonetsa ana zimitsani nyimbo, muime kutsogolo muzimulamula Gertie m'Chichewa, muona mmene aphokosere.

Musaiwale mayi Lotte Reiniger a ku Berlin. Iwowa pensulo ayi, sizasi. Ankadula anthu pa katoni yakuda, mfundo za manja ndi miyendo kulumikiza ndi kawaya, kugoneka pa galasi, nyali pansi kamera pamwamba, kusuntha pang'ono kutola, kusuntha pang'ono kutola. The Adventures of Prince Achmed ya 1926 ndi yaitali, koma ali ndi tina tatifupitifupi tambiri. Njira yawoyi ndi imene munthu wa kuno angathe kuyesa lero lomwe, galasi la windo, tochi ndi foni basi. Palinso Ladislas Starevich amene mu 1912 ku Russia anapanga The Cameraman's Revenge ndi tizilombo takufa tenitenito, miyendo anaikamo mawaya, nkhani yake ya chibwenzi cha mseri m'banja la zikumbu kkkk imeneyo ana musawaonetse, afunsa zambiri.

Mayi_a_Tadala

Pepani ndilowererepo, ine sindine katswiri koma ndili ndi dandaulo. Disiki ngati yanuyo a Yobu ndinagulira ana, tsiku lina ndikumva akuseka ndikupita kukaona, pa sikirini pali anthu akuda milomo ngati mbale, fupa pamphuno, akuvina mozungulira mphika muli mzungu. Mwana wanga wamng'ono akundifunsa kuti amama amenewa ndi anyani? Ndinazimitsa. Nde mukamatamanda anthu amenewa kuti anali aluso muzinenanso kuti ife ankationa bwanji. Zoterozo mukusungiranji?

Mphunzitsi_wopuma_Bembeke

Mayi a Tadala simunaname, ndipo si katuni imodzi kapena ziwiri, ndi zambiri, ma situdiyo onse akuluakulu ali nazo. Zinachokera ku zisudzo za ku America zimene azungu ankadzipaka zakuda kumaso, milomo kuipaka yoyera, n'kumanyoza anthu akuda, ndipo olemba mbiri ambiri amati ngakhale magolovesi oyera aja a Mickey ndi anzake achokera komweko. Eni ake anachita nazo manyazi, mu 1968 kampani ya United Artists inachotsa pa TV makatuni 11 a Warner Bros pa chifukwa chomwechi, mpaka lero amangowatchula kuti Censored Eleven. Koma opanga ma DVD otchipa aja sasankha, amangowola chilichonse chimene chilibe mwini n'kuthira mu disiki.

Ine maganizo anga ndi akuti wotolera asadilite, aziike mu foda yakeyake imene mwana sangaifike, ndipo filimu iliyonse ayambe waionera yekha asanaonetse ana. Ndikutero chifukwa mukazifafaniza zonse mbiri imatsala yoyera mbee, mdzukulu wanu adzakhulupirira kuti anthu aja ankangojambula timbewa tokoma. Komanso zina n'zosokoneza, a Fleischer omwewo amene ali ndi zonyoza ndi amenenso anasunga kavinidwe ka Cab Calloway, woimba wakuda, mu Minnie the Moocher ya 1932. Anamutola pa filimu akuvina kenako n'kutsata thupi lake chithunzi ndi chithunzi, njira imene Max Fleischer, mchimwene wake wa Dave, anaitulukira yotchedwa rotoscope, nde chimzukwa chimene chikuvina mmenemo mapazi ake ndi a Calloway enieni.

Ndipo a Yobu, foda ya Africa ikhalepo. Ku Egypt abale a Frenkel anali ndi katuni yawo Mish Mish Effendi m'ma 1930. Ku Niger kunali Moustapha Alassane, anayamba ngati makaniko, ali mnyamata ankaonetsa anzake zithunzi zodula pa katoni ndi nyali. Bon Voyage Sim ya 1966 ndi ya mphindi zochepa, mizere wamba, pulezidenti wa dziko la achule akupita kukacheza kwa pulezidenti mnzake, asilikali achule ali ndawala, nyimbo ya fuko, ndege, ulemu wonse uja. Amene tinakula tikuimitsidwa m'mbali mwa msewu ndi timbendera timaimva bwino filimu imeneyo. Anamwalira 2015.

Mayi_a_Tadala

Ya achuleyo ndiifuna. Koma zinazo ine m'nyumba mwanga ayi, olo mu foda yobisa, ana a masiku ano password amaidziwa kuposa mwini foni.

Kabaza_Tsangano_Turnoff

Funso langa ndi losiyana pang'ono. Malemu agogo anga ankagwira ntchito kwa azibambo ku mishoni, nde m'nyumba mwawo muli zitini zafulati zozungulira, mkati muli matepi a filimu okulungakulunga, ena ang'ono ngati chala m'lifupi ena ocheperapo. Pa chitini china pali chithunzi cha katuni. China chikatsegulidwa chikununkha ngati viniga. Amalume akuti tingotentha. Zili ndi ntchito?

Mphunzitsi_wopuma_Bembeke

Musatenthe achimwene, auzeni amalume adikire. Poyamba yezani m'lifupi ndi rula. Ngati ndi 16mm kapena 8mm mtima ukhale pansi, amenewo Kodak inawatulutsa 1923 ndi 1932 kuti azigwiritsidwa ntchito m'nyumba, m'sukulu ndi m'mamishoni, nde ankawapanga ndi pulasitiki wosayaka msanga, m'mphepete mwake mumalembedwa SAFETY. Woopsa ndi wa 35mm wakale, wa m'nyumba za kanema, umene mpaka cha m'ma 1950 unkapangidwa ndi pulasitiki woyaka msanga wotchedwa nitrate. Umenewo ukagwira moto suzima olo muuviike m'madzi, ndipo utsi wake ndi poizoni. Ndi chifukwa chake mafilimu ambiri oyambirira kulibe, Quirino Cristiani wa ku Argentina anapanga katuni yaitali mu 1917, El Apóstol, inapsa yonse. Mukapeza wa 35mm wolembedwa NITRATE, utalikitseni ndi khitchini ndi dzuwa ndipo mufunse a National Archives ku Zomba.

Fungo la viniga limenelo ndi matenda a filimu ya acetate, ya SAFETY ija, pulasitiki ikuwola n'kumatulutsa asidi, tepi imakwinyika kenako imauma n'kumathetheka. Sachira, ndipo amapatsirana, nde chitini chonunkhacho chichotseni pakati pa zinzake lero lomwe. Zotsalazo muziike pozizira ndi pouma, zitini zigone chafulati. Kuzizira kwa ku Tsangano kukuthandizani, mdani wanu ndi chinyontho cha nkhungu ndi nthawi ya mvula, nde osaziika pansi pa simenti kapena kutsamiritsa khoma, osazimanganso mu jumbo.

Wina akabwera ndi pulojekita yakale kuti tiyese, mukanize. Tepi yokwinyika mano a makina amaing'amba mabowo onse ulendo umodzi.

Kunena zoona zambiri zoterezi zimakhala makopi a makatuni amene ali kale ponseponse, makampani ngati Castle Films ankagulitsa miyandamiyanda, nde musayambe kuwerengera ndalama. Koma kuyang'ana n'kofunika chifukwa zotayika zimapezeka malo osayembekezeka. Oswald the Lucky Rabbit, kalulu amene Disney ndi Iwerks ankapanga 1927 asanalandidwe n'kuyambitsa Mickey, mafilimu ake angapo anasowa. Empty Socks inapezeka ku Norway mu 2014, Sleigh Bells ku nyumba yosungira mafilimu ya BFI ku Britain mu 2015, ndipo Neck 'n' Neck inatulukira ku Japan mu 2018 kwa mkulu wina wofufuza mbiri ya makatuni, Yasushi Watanabe, amene anaigula ali mwana wa sukulu n'kuisunga zaka pafupifupi 70 osadziwa kuti dziko lonse likuifuna, inali ya 16mm ngati zanuzo. Komanso za ku mishoni mwina simukhala makatuni okha, azibambo ena ankatola okha mafilimu a m'midzi, magule, misika, ndipo kwa ife zoterozo n'zosowa kuposa Mickey.

Chitani chonchi, sambani m'manja muumitse, gwirani tepi m'mphepete mokha, futukulani pang'onopang'ono kupitirira gawo lopanda kanthu mpaka mufike pa zithunzi zoyamba pamene pali mutu wa filimu, muyang'anitse ku windo, mutole ndi foni. Ikakana kufutukuka musaikakamize. Mutolenso zolemba za pa chitini ndi za m'mphepete mwa tepi muponye muno.

Kabaza_Tsangano_Turnoff

Chabwino bambo, Loweruka ndikupita kumudzi ndikatola. Rula ndibwereka kwa mwana wa asisi. Zitini zina zachita dzimbiri sizikutseguka, ndithire mafuta?

NaNgozo_Ntcheu

Mafuta ayi achimwene alowa mkati aononga tepi. Gogodani pang'onopang'ono m'mbali mozungulira ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, chivindikiro chimasuka chokha, ndipo mutsegulire panja nkhope mutayang'ana kumbali.